Mfuti ya airsoft: kugula yodula kapena kukonza yotchipa?

Funso limeneli limavuta anthu ambiri chifukwa amaganiza kuti ndalama zambiri zimagula mphamvu zambiri. M'masewera a airsoft, momwe anthu amawomberana ndi mfuti zoseweretsa zotulutsa timipira tapulasitiki, sizili choncho. Bwalo lililonse lolongosoka limayeza mfuti yanu musanalowe, ndipo ikapyola malire imabwezedwa. Ku Japan, kumene masewerawa anayambira komanso kumene kampani ya Tokyo Marui inatulutsa mfuti yake yoyamba yoyendera batire mu 1991, lamulo sililola kupyola mphamvu ya majoule 0.98. Mabwalo ambiri a ku Britain amaika malire a liwiro la 350 fps (mafiti 350 pa sekondi) poyeza ndi kampira ka magalamu 0.20, amene ndi majoule 1.14, pamene ku America ambiri amalola mpaka 400 fps. Ndiye kuti mfuti ya madola 170 ndi ya madola 600 zimalowa m'bwalo ndi mphamvu yofanana. Chimene chimazisiyanitsa ndi ichi: kodi kampira kakhumi kadzagwera pamene panagwera koyamba, ndipo kodi mfutiyo idzakhala ikuwombabe dzuwa likapendeka?

Yambani mwawerengera ndalama zonse

Mfuti zoyambira monga G&G CM16, Specna Arms Core kapena ma AK a CYMA zimakhala pakati pa madola 130 ndi 200. Zapamwamba monga Krytac, VFC Avalon, LCT ndi Tokyo Marui za mtundu wa NGRS zimayambira cha m'ma 350 kufika 600. Systema PTW ndiye imadutsa 1,000.

Tsono tengani yoyambira ija muyambe kuisintha zamkati. Paipi yamkati yabwino, madola 30 mpaka 60. Kalabala ka hop-up (kachipangizo kozunguliritsa kampira kuti kafike patali) ndi kotsindira kake, 15. Mota yamphamvu, 40 mpaka 60. Kachipangizo kamagetsi ka MOSFET, koteteza trigger (chokoka powomba) kuti isapse, monga Perun Hybrid kapena Gate Titan, 60 mpaka kupitirira 100. Magiya a SHS ndi pisitoni, 40. Musanalipire ndi makaniko yemwe, mwaonjezera kale madola pafupifupi 200 kapena kuposa, ndipo mwafika pamtengo wa Krytac. Koma thupi la mfutiyo likadali lomwe lija lapulasitiki, ndipo tsiku limene mudzafune kuigulitsa, wogula sadzakubwezerani ndalama za zipangizo zimene sangathe kuziona. Anthu ambiri amaopa mfuti imene inatsegulidwapo ndi munthu amene sakumudziwa, ndipo ali ndi chifukwa chomveka.

Choncho kusintha zonse mu mfuti yotchipa si njira yopulumutsira ndalama. Njira yopulumutsira ndalama ndi kusintha zochepa zoyenera, motsatana bwino. Zambiri mwa izo n'zotchipa modabwitsa.

Musanamasule sikuluu ndi imodzi yomwe

Sewerani nayo mfutiyo mmene yabwerera kwa masiku atatu kapena anayi amasewera. Ngati ili ndi vuto lochokera kufakitale, litulukire pamene chitsimikizo cha sitolo chikadali ndi mphamvu, chifukwa masitolo ambiri salandiranso mfuti imene bokosi lake la magiya latsegulidwa.

Kenako iyezeni. Pezani kachipangizo koyezera liwiro kamene amakatcha chronograph, womberani timipira khumi motsatana, ndipo lembani nambala iliyonse. Ngati yaikulu ndi yaing'ono zikusiyana ndi 5 fps kapena kucheperapo, mpweya wagwira bwino ndipo mkatimo musakhudzemo. Zikasiyana ndi 15 kapena 20, pali pamene mpweya ukuthawira. Nambala zimenezi ndi zimene zikuuzeni chogula, osati zimene mwaona pa YouTube.

Tsukani paipi yamkati. Mfuti zambiri zatsopano zimabwera ndi mafuta a kufakitale m'paipimo, ndipo timipira timangomwazika. Bwezani hop-up pa ziro, kulungani kansalu koyera kunsonga kwa kandodo kotsukira, kanyowetseni ndi sipiriti ya isopropyl, ndipo lowetsani mozungulira mpaka kansaluko kazituluka koyera. Musakankhe kandodoko mpaka kukagunda kalabala, mungakang'ambe.

Sinthaninso timipira. Ta magalamu 0.20 n'toyezera chabe. M'bwalo gwiritsani ntchito ta 0.25 kapena 0.28 ta kampani yodalirika, tosalala topanda mzere pakati. Pa majoule 1.14, kampira ka 0.28 kamatuluka pa 296 fps, ndipo ena akaona nambala yatsika amadandaula. Palibe chotayika. Kampira kolemera sikataya liwiro msanga ndipo mphepo siikakankha mosavuta, moti pa mamita 40 kamakhala kakuyenda bwino kuposa kopepuka kaja. Timipira timene timabwera m'kathumba limodzi ndi mfuti titayeni, ndipo kamene kagwa pansi musakatolenso.

Hop-up: apa ndiye pali nkhani yonse ya mtunda

Kampira kakamatuluka kamakhudza kalabala kamene kali pamwamba pa paipi, n'kuyamba kuzungulira chobwerera. Kuzungulira kumeneko ndi kumene kumakanyamula kuti kasagwe msanga. Kalabala kakamagwira mosiyanasiyana, kampira kena kakwera, kena kagwa, kena kakhotera kumanzere. Mfuti zotchipa zambiri zimalephera pamenepa, ndipo pamenepa ndi potchipa kwambiri kukonza.

Gulani kalabala ka Maple Leaf kapena Prometheus. Yang'anani kulimba kwake: madigiri 50 kapena 60 ndi a mfuti zosapyola 350 fps, pamene 70 ndi a zoyandikira 400 fps. Kolimba kwambiri pa mfuti yofooka sikagwira bwino kampira, makamaka m'mawa kukazizira. Kofewa kwambiri pa mfuti yamphamvu kamatha msanga. Tilabala ta Maple Leaf Macaron timafuna kotsindira kokhala ndi mphako kotchedwa omega, osati kachubu kozungulira kamene kamabwera ndi mfuti.

Poika, chotsani kachingwe kapulasitiki kooneka ngati C kamene kamagwira paipi, sololani paipiyo pang'onopang'ono, ndipo valitsani kalabala katsopano moti kamzere kamkati kalowe mu ngalande ya paipi. Pakani mafuta a silikoni ochepetsetsa kunja kwa kalabalako kuti kalowe bwino, koma mkati musagwetsemo ngakhale dontho, chifukwa kampira kazingoterera osazungulira. Mukabwezera, suzumirani m'paipi moyang'ana kowala uku mukutembenuza hop-up. Kabampu kotsikako kayenera kutsika pakati penipeni, mbali zonse mofanana. Kakapendekera, timipira tonse tizikhotera mbali imodzi ndipo palibe paipi yodula imene ingakonze zimenezo.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi milomo ya kalabala. Ikatalika kwambiri imatsekereza kampira kuti kasakwere kuchokera m'magazini, ndipo mfuti imalira osatulutsa kanthu. Ikafupika, nozzle (kachubu kokankhira kampira ndi mpweya m'paipi) siikhudza bwino ndipo mphamvu imatsika ndi 20 kapena 30 fps. Mukasintha kalabala, bwererani pa chronograph nthawi yomweyo.

Za paipi yamkati musathamangire. Mapaipi a kufakitale amakhala a mamilimita 6.05 mpaka 6.08 mkati, ogula padera amakhala 6.03 kapena 6.01. Yothina imaonjezera liwiro pang'ono, koma chimene chimapangitsa kulunjika ndi kusalala ndi kuwongoka kwake. Ya 6.01 imatsekeka msanga ndi fumbi, ndipo kampira kakakakamira inu n'kupitiriza kuwomba, mano a pisitoni amathyoka. M'malo afumbi 6.03 ndi yokwanira. Utali nawonso suonjezera mtunda monga ambiri amaganizira: M4 ya paipi ya mamilimita 363 yokonzedwa bwino imafika pamene pamafika M16 ya 509.

Mukalowa m'bokosi la magiya

Ma M4 ndi ma MP5 ambiri amakhala ndi bokosi la mtundu wa V2, pamene ma AK ndi ma G36 amakhala ndi V3. Musanatsegule, womberani kawiri pa semi (powomba kamodzikamodzi) kuti sipuling'i ibwerere, chotsani batire, ndipo ngati mfutiyo ili ndi potulutsira sipuling'i kumbuyo, itulutseni kaye. Ngati palibe, lowetsani sikuludiraiva m'chogwirira sipuling'i n'kutsindira pansi pamene mukunyamula chivundikiro. Mukalekerera, sipuling'i imauluka ndipo ikhoza kukuvulazani m'maso. Jambulani chithunzi chivundikiro chikangochoka. Kachitsulo koletsa magiya kubwerera m'mbuyo kamakonda kudumpha, ndipo kachipuling'i kake n'kakang'ono ngati tsitsi, choncho gwirirani ntchito pa nsalu yoyera.

Choyamba ndi mpweya. Tsekani kamwa ya nozzle ndi chala, kankhani pisitoni mwamsanga m'silinda. Iyenera kuima ngati yagunda khoma lofewa. Ikangodutsa mpaka kumapeto, yesaninso mutachotsa nozzle. Ikagwira tsopano, vuto ndi nozzle, ndipo mugule yokhala ndi O-ring (kamphete kalabala) mkati koma yautali wofanana ndendende ndi yakale. Yezani ndi kalipa, chifukwa kusiyana kwa theka la milimita n'kokwanira kuletsa timipira kukwera. Ikapanda kugwirabe, sinthani O-ring ya mutu wa pisitoni, ndipo kulungani tepi yoyera ya mapulambala kawiri kapena katatu pa mutu wa silinda. Pakani girisi wa silikoni pang'ono. Girisi wa galimoto ndi WD-40 zimatupitsa ndi kuwononga labala.

Chachiwiri ndi timawashala tapansi ndi pamwamba pa magiya. Iyi ndi ntchito ya ndalama zosakwana madola 10 koma ndi imene imasiyanitsa mfuti yolira mosalala ndi yolira ngati chigayo chatha mafuta. Timawashala timabwera ta mamilimita 0.1, 0.15, 0.2, 0.3 ndi 0.5. Yambani ndi giya imene imalumana ndi mota. Mangani chogwirira ndi mota yake pa theka la bokosi, sinthani kasikuluu kapansi mpaka mano a mota alowe mokwanira m'mano a giyayo, kenako ikani timawashala mpaka itsale ndi kampata kochepa kwambiri, pafupifupi 0.1. Mukatero pitani pa giya yapakati, muiike pansi momwe mungathere popanda kukhula bokosi, ndipo malizani ndi giya yokoka pisitoni, imene isakhudze yapakati pankhope. Nthawi iliyonse mukayesa, tsekani bokosi ndi masikuluu osachepera anayi omangidwa bwino, chifukwa kutseka ndi manja kumanama. Magiya atatuwo ayenera kuzungulira okha mukawakankha ndi chala, osagwedera cham'mbali. Akathina, mota imatentha, batire limatha msanga, fyuzi imapsa. Akakhwepa, mano amalumana m'mphepete mokha n'kubenthuka. Patulani madzulo athunthu ulendo woyamba.

Chachitatu ndi pamene dzino loyamba la giya limakumanira ndi dzino loyamba la pisitoni. M'mfuti zambiri za kufakitale, zodula zomwe, giya imamenya dzinolo chopendekera, ndipo pakapita nthawi kumbuyo kwa pisitoni kumathyoka. Matani kaphathi kalabala kofewa ka sorbothane ka mamilimita 3 mpaka 5 pa mutu wa silinda kuti pisitoni ibwerere m'mbuyo pang'ono mpaka manowo akumane chafulati, giya italoza mmwamba ngati muvi wa wotchi pa 12 koloko. Mukatero dzino lachiwiri la pisitoni lizikola giya, choncho lichotseni lonse, ndipo lachitatu lipaleni pang'ono ngati likukhudza. Mphamvu itsika pang'ono chifukwa silinda yafupika.

Pa V2 pali chachinayi. Bokosi limeneli limakonda kung'aluka kutsogolo, m'makona a zenera la silinda, chifukwa mphamvu yonse ya pisitoni imathera pamenepo. Tengani tupa yozungulira mupale makonawo akhale obulungira. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Pewaninso kuwomba mfuti yopanda timipira kawirikawiri.

Magetsi, ndi pamene anthu amaphera mfuti zawo

Batire la LiPo la mavoti 11.1 limapangitsa mfuti kuyankha msanga, koma likadutsa m'timapuleti tamkuwa ta trigger popanda MOSFET, limatulutsa moto pang'onopang'ono mpaka timapuletito tipse. Mfuti yopanda MOSFET ipatseni 7.4. Zambiri za masiku ano, zotchipa zomwe, zimabwera nayo kale, choncho werengani kaye musanagule ina. Cholumikizira cha Tamiya chisintheni ndi cha Deans, chimene chimagwira molimba ndipo sichitentha. Podula mawaya a batire, dulani ndi kuwotcherera umodzi umodzi. Mukadula onse awiri pamodzi, sizasi iwalumikiza ndipo LiPo ikhoza kuyaka. Batirelo musalisiye lodzaza kwa masabata, lisungeni pa mavoti 3.8 pa selo iliyonse, ndipo likatupa musaligwiritsenso ntchito.

Mota ya kufakitale nthawi zambiri imakhala ya maginito ofooka a ferrite. Ya neodymium ya 22 TPA (nambala ya maulendo amene waya anakulungidwa mkati mwake) kapena kuposa imakoka mwamphamvu, siitentha msanga, ndipo pa magiya wamba a 18:1 imapangitsa trigger kuyankha bwino popanda kuthamangitsa mfuti mopyola. Kwa anthu ambiri apa ndi poimira.

Vuto limabwera munthu akafuna zonse pakamodzi: magiya othamanga a 13:1, mota yothamanga, batire la 11.1, koma sipuling'i ikadali yofewerapo ya M100. Giya imazungulira msanga moti imabwerera pisitoni isanafike kutsogolo, ziwirizo n'kuwombana pakati panjira. Mumva kulira kwa mota koma palibe chotuluka, ndipo mukatsegula mupeza mano a pisitoni ali zidutswazidutswa m'girisi. Zimenezi zimayamba kuoneka mfuti ikamapyola timipira 25 pa sekondi. Mankhwala ake ndi kuika sipuling'i yolimba monga M120 kuti pisitoni ibwerere msanga, kenako kuchotsa mano awiri kapena atatu pa giya yokoka, kumbali yoyambira kukoka, kuti mphamvu ibwerere pansi pa malire a bwalo. Ena amathawira ku pisitoni ya mano achitsulo okhaokha. Imathandiza ngati zina zonse zili bwino, koma dziwani kuti pisitoni yapulasitiki imagwira ntchito ngati fyuzi. Ikakana kuthyoka, chothyoka chikhala giya kapena bokosi lenilenilo, zimene n'zodula kuposa.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Zipangizo za makampani osiyana zimalembedwa kuti zimagwirizana ndi za Tokyo Marui, koma miyeso yake imasiyana pang'onopang'ono. Pisitoni ina imathina m'tinjira ta bokosi lina, nozzle ina siikhala bwino pa tappet (kapulasitiki kokoka nozzle) ina. Mukasintha zisanu ndi chimodzi tsiku limodzi mfuti n'kukana, simudziwa koyambira.

Nanga yodula imakupatsani chiyani?

Choyamba ndi thupi. AK ya LCT kapena E&L ndi yachitsulo chenicheni, siigwedera ndipo imapirira kugwa, ngakhale imalemera ndipo imachita dzimbiri mukapanda kuipukuta ndi mafuta mvula ikainyowetsa. Thupi lolimba limathandizanso kulunjika, chifukwa hop-up imakhala yotsamira bokosi la magiya mofanana nthawi zonse. Thupi ndi chinthu chimene simungachikonze ndi timawashala.

Chachiwiri ndi kuti zipangizo zake zinapangidwa kuti zigwirire ntchito limodzi. Tokyo Marui ndiye chitsanzo chabwino. Mphamvu yake n'njochepa, pansi pa joule imodzi, zamkati zake si zolimba kwambiri, koma hop-up yake ndi mpweya wake n'zolondola moti imafika patali kuposa mfuti zambiri zamphamvu, ndipo imatha zaka osatsegulidwa. Koma musaiike sipuling'i yolimba kapena batire la 11.1 musanasinthe zamkati, chifukwa sinapangidwire zimenezo.

Kudula sikutanthauza kuti siifa. Mfuti zapamwamba nazonso zimatuluka m'fakitale zina zili ndi timawashala toikidwa mwachisawawa kapena kalabala kosalongosoka. Ndipo zikafa, zina zimavuta. Bokosi la NGRS silofanana ndi V2 wamba, la Systema PTW ndiye n'losiyaniratu, ndipo ngakhale pa Krytac pali tizipangizo tina timene timafuna ta Krytac tokha. Kwa munthu wokhala ku London kapena Johannesburg, kumene masitolo ndi amakaniko ali pafupi, zimenezi si nkhani yaikulu. Kwa amene ayenera kuitanitsa kachipangizo kalikonse kunja n'kudikira masabata, M4 ya V2 wamba kapena AK ya V3 ndi yanzeru kwambiri, chifukwa zipangizo zake zimapangidwa ndi makampani ambirimbiri.

Ngati simukonda kugwira sikuludiraiva ndipo ndalama zilipo, gulani yapamwamba, muipatse timipira tabwino ndi batire loyenera, ndipo musaitsegule mpaka itadwala. Ngati ndalama n'zochepa, gulani yoyambira ya kampani yodziwika, muike kalabala kabwino, mukonze mpweya ndi timawashala. Zimenezi sizipyola madola 40 ndipo pa mamita 50 wa mfuti yodula sakuposani. Ngati mukudziwa kale kuti mudzasintha zamkati zonse, sankhani mfuti chifukwa cha thupi lake, osati zamkati zimene mukataye. Ndipo phunzirirani pa bokosi la magiya lakale kapena pa mfuti yachiwiri, osati pa imodzi yokhayo imene mukufuna kusewera nayo Loweruka.

Pa ndalama zonsezi, patulani kaye za magalasi oteteza maso okhala ndi chizindikiro cha ANSI Z87.1+ kapena EN166 B, otseka mbali zonse, ndi chotchinga pakamwa, chifukwa kampira ka joule imodzi kamathyola dzino. Mfuti zimenezi zimaoneka ngati zenizeni, choncho zinyamuleni m'chikwama chotseka ndipo musazionetse pagulu. Ku Britain, kuti mugule yooneka ngati yeniyeni muyenera kukhala ndi zaka 18 ndi umboni woti ndinu wosewera, umene ambiri amaupeza kudzera ku UKARA, bungwe la masitolo ogulitsa mfuti za airsoft, atasewera katatu pabwalo limodzi m'nyengo yosachepera masiku 56. Popanda umboniwo amakugulitsani yopakidwa utoto wowala. Amene mukufuna kuitanitsa mfuti yotere ku Malawi kapena ku Zambia, kafunseni kaye kupolisi ndi ku ofesi yoona za msonkho wa katundu wolowa m'dziko, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa musanalipire. Mabatire a LiPo ali ndi malamulo awoawo pa ndege ndipo masitolo ambiri sawatumiza kunja, choncho onani kaye ngati ogulitsa zipangizo za madroni kapena timagalimoto ta rimoti pafupi nanu ali ndi la 7.4 lokwana m'chitako cha mfuti yanu.